Kanjinga ka gravel komwe ndinagula pa Boma

Ndatha miyezi iwiri ndikupalasa kanjinga ka gravel (njinga zopangidwira misewu yafumbi ndi yamiyala) kapakaunjika komwe ndinagula pashopu ina pa Mchinji Boma, ndiye ndati ndikuuzeniko anzanga.

Njinga zimenezi ku Italy amathamanga nazo m'timisewu tamiyala toyera ta ku Tuscany, m'zitunda za Chianti momwe muli minda ya mphesa zopangira vinyo. Ife kuno mphesa tilibe, koma tinjira todutsa m'minda ya mtedza ndi fodya chakumapiri kuja nkabwino heve, galimoto simukumana nayo olo imodzi, mwina ngolo basi.

Matayala ake ndi onenepako, timanomano tating'ono, ndiye pamchenga sikaterereka ngati zamipikisano zija, ndipo magiya ake eeh, chitunda chomwe akabaza amatsika nkumakankha ine ndimakwera nditakhala pachishalo, thukuta lili kamukamu koma mtima uli mbee. Mabuleki a disiki amagwira ngakhale potsetsereka pali fumbi.

Chondidandaulitsa ndi masipeyala. Minga itaboola chubu ndinazungulira msika onse osapeza saizi yake, mpaka ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe. Kaliyala kalibenso, thumba la chimanga musayerekeze. Mukamagula mutengeretu machubu awiri.