Wacom Intuos patatha miyezi 14 ndikuigwiritsa ntchito ku Ndirande

Ndinaphunzira kulemba zikwangwani ndi burashi ndi penti, pa makoma a magolosale ndi malo ometera kuno ku Ndirande. Chaka chatha msuweni wanga anandibweretsera Wacom Intuos yaing'ono, ija ya CTL-4100, kuchokera ku Johannesburg. Ndi kathabwa kojambulira pa kompyuta kokhala ndi cholembera chake. Nditaigwiritsa ntchito milungu iwiri ndinalemba kuti dzanja likukana, poti umajambula pa kathabwa kali patebulo pamene maso ali pa sikirini. Ena munapempha kuti ndidzafotokozenso pakapita nthawi. Miyezi 14 yakwana tsopano.

Vuto la dzanja lija linatha mwezi wachiwiri, osadziwa n'komwe kuti latha liti. Cholembera chake sichifuna batire, ndipo chimamva kutsindika kwa dzanja pa milingo 4,096. Ukatsindika mzere umanenepa, ukapepuza umaonda, monga momwe burashi imachitira. Ichi n'chimene chinandikopa mtima, ndipo mpaka lero sichinasinthe. Ndimajambulira mu Krita, zilembo ndimakonzera mu Inkscape, onse ndi mapulogalamu aulere.

Zotha zilipo. Nsonga ya cholembera imadyeka, makamaka kwa ife amene tinazolowera kukanda khoma. Mkati mwa cholemberacho munabwera nsonga zitatu zapadera, ndatsala ndi imodzi. Pakati pa kathabwako payamba kusalala ndi kunyezimira, ndipo chingwe chimafuna kuchigwira bwino polumikiza. Magetsi akazima kathabwako kamadya moto wa laputopu, ndiye ntchito imatha pamene batire yathera.

Phunziro lowawa ndinalipeza pa makadi a chinkhoswe. Mayi ena a ku Chilomoni anabwera ndi chitenje cha buluu chimene akubanja anasankha, nati makadi afanane nacho. Pa sikirini buluuyo ankawala bwino zedi. Titasindikiza makadi 200 anatuluka othimbirira, opendekera ku pepo. Mayiwo anayala chitenjecho patebulo, n'kuika khadi pamwamba, nati, "Achimwene, taonani nokha." Ndinasowa chonena. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, imene amati RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK, ndipo buluu wowala kwambiri inki siimufikira. Ndinasindikizanso ndi ndalama zanga. Kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndatulutsa khadi limodzi, mwiniwake alione panja padzuwa, kenako ena onse.

Ntchito yafulumira, zimenezo sindingakane. Kasitomala wa ku Bangwe amatumiza mawu pa WhatsApp, ndimamutumizira chithunzi madzulo omwewo, amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba tisanaonane n'komwe. Koma poti kusintha n'kosavuta, ena amafuna kusintha kasanu, kasanu n'kamodzi, mtengo womwewo. Pakhoma munthu ankaganiza kaye asanalankhule.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi china. Ntchito za ma poster a misonkhano ya mpingo ndi madansi zachepa, chifukwa mnyamata aliyense wa foni amapanga yekha pa pulogalamu ya Canva. Ena amabwera ndi zithunzi zopangidwa ndi AI, mapulogalamu ojambula okha ukangowauza chofuna, kuti ndingowonjezerapo mawu. Zimaoneka zokongola, koma nkhope zake si za anthu amene timakwera nawo minibasi ya ku Limbe. Sindiwada anyamatawo, nawonso akusaka ya sopo. Kungoti zandikakamiza kudzifunsa chimene ine ndimagulitsa.

Yankho linabwera ndi bambo ena amene ankakonzekera mwambo wa chiliza cha mayi awo. Anali ndi chithunzi chimodzi chokha, chakale, chodyeka ndi chinyezi mbali imodzi ya nkhope. Tinakhala limodzi maola atatu. Iwo ankati, "Tsaya linali lodzaza pang'ono, duku ankamangira cha kumanzere," ine n'kumakonza iwo akuona. Titafika pa maso anangoti zii, kenako anapukuta misozi. Ndi penti ndikanawononga mapepala ambiri tisanafike pamenepo.

Kwa amene amadziwa kale kujambula, kathabwa aka n'koyenera ndalama zake, ndipo kaching'onoka n'kokwanira. Ine Loweruka ndimabwererabe kukhoma ndi burashi, chifukwa ndaona kuti kuzolowera kufufuta ndi batani kumachititsa dzanja mphwayi. Loweruka likudzali ndili ndi khoma la butchala ku Chirimba.