Mahedifoni okoleka kukhutu: ndi abwino pothamanga mtunda wautali

Kwa othamanga kuchokera m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay, mahedifoni opanda waya okhala ndi kangowe kokoleka kukhutu ndiwo ndimavomereza. Sagwa ngakhale thukuta lichite kuyenderera, pomwe aja ongolowetsa m'khutu amapulumuka msanga.

Pogula, onani ngati pabokosi palembedwa IPX4 kapena IPX5, chizindikiro chosonyeza kuti saonongeka madzi akawagwera. Opanda chizindikirochi salimba m'nyengo yotentha ya Okutobala, chifukwa mchere wa m'thukuta umadya tizitsulo ta potchajira. Apukuteni ndi kansalu kouma musanawatchaje.

Nyimbo muikiretu m'foni, ndipo zothamanga kwambiri muzisungire kumapeto, miyendo ikayamba kulemera. Koma chonde, valani khutu limodzi lokha ndipo thamangani kumanja kwa msewu, moyang'anizana ndi magalimoto, kuti muzimva hutala ya minibasi ndi belu la kabaza.