Coursera, NetMath kapena Baruch: ndi iti imene imatsekadi chiboo pa transcript yanu?

Amene amaliza digiri ya masamu kapena ya zachuma, ena pa Mzuni ku Luwinga konkuno, akafuna masters ya financial engineering (kugwiritsa ntchito masamu ndi makompyuta pa nkhani za ndalama) kunja amafunsa chimodzimodzi: ndilipire kosi iti ya pa intaneti? Musanatsegule tsamba lililonse, tengani transcript yanu, chikalata chosonyeza makosi amene munachita ndi magiredi anu. Osankha ophunzira amafufuza calculus ya ma variable angapo, linear algebra, probability yodalira calculus, ndi programming ya C++ kapena Python. Chimene chikusowa pamenepo ndicho mugule.

Ambiri amathamangira ku Coursera, tsamba la makosi a pa intaneti, ku kosi ya Financial Engineering and Risk Management ya Columbia University, poti dzina lake likufanana ndi digiri akuifunayo. Maphunziro ake ndi abwino, sindikutsutsa. Koma amaphunzitsa kuwerengera mitengo ya ma option (mapangano opatsa ufulu wogula kapena kugulitsa pa mtengo wogwirizana) ndi kusanja portfolio (gulu la zinthu zimene mwaikamo ndalama), poganiza kuti masamu muli nawo kale. Ngati mulibe linear algebra, mukukhoma malata pomwe maziko palibe. Chopweteka kwambiri ndi satifiketi yake: siyipereka credit ya yunivesite (mfundo zowerengedwa pa digiri), ndipo mayeso ake palibe wokuyang'anirani, ambiri mumatha kubwereza mpaka mutakhoza. Osankhawo zimenezi amazidziwa. Pa fomu pamene afunsa giredi ya probability, satifiketi yotere siyiyankha kanthu.

Ndiye pali nkhani ya malipiro. Ndalama imachoka pa khadi mwezi ndi mwezi, m'madola, mpaka mutaletsa nokha. Mukadwala, kapena ntchito ikachuluka mwezi wathunthu osatsegula laputopu, a Coursera adulabe. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kandalama kooneka kochepa ku America kuno ndi ndiwo za masiku ambiri. Ngati mukuifunabe kosiyi, pemphani financial aid (thandizo la malipiro) musanalembetse, ndipo ikhale yongokutsegulani maso.

NetMath, pulogalamu ya pa intaneti ya University of Illinois, ndiyo ndimaikhulupirira pa masamu, ngakhale ndi yodula zedi. MATH 241 ndi Calculus III, MATH 415 ndi linear algebra, MATH 461 ndi probability. Mayeso amalembedwa pali woyang'anira, ndipo giredi imalowa pa transcript ya yunivesiteyo, chinthu chimene komiti imawerenga popanda kufunsa zambiri. Giredi yoipa nayonso imalowa, choncho musatenge makosi awiri nthawi imodzi muli pa ntchito. Yambani mwaonera maphunziro aulere a linear algebra a Gilbert Strang, kosi ya 18.06, pa MIT OpenCourseWare. Sabata yachitatu ikakuvutani, sungani kaye ndalama zanu.

Baruch College ya ku New York ili ndi masemina a Pre-MFE, okonzekeretsa masters ya financial engineering: advanced calculus, probability, ndi numerical linear algebra, onse opendekera ku zachuma. Ndi olimba, ndipo dzinali limamveka kwa anthu a ntchito imeneyi. Vuto ndi wotchi. Kalasi ya 6 koloko madzulo ku New York imagwa 12 koloko usiku kuno, kapena 1 koloko m'miyezi yawo yachisanu. Magetsi akathima pa ola limenelo, bando ikatha, palibe kothawira.

Pa C++ palibe mkangano: kosi ya pa tsamba la QuantNet, yochitidwa mogwirizana ndi Baruch, imapitirira madola 1,000, koma khodi yanu imawerengedwa ndi munthu amene amakubwezerani mukalakwitsa, ndipo mumachita pa nthawi yanu mkati mwa masabata 16. Kompyuta ikhale yotha kunyamula Visual Studio, pulogalamu yolemberamo khodi.

WorldQuant University ndi yaulere, koma imeneyo ndi digiri yathunthu ya zaka ziwiri, osati chigamba cha transcript.

Musanalipire paliponse, lemberani imelo sukulu imene mukufuna, mutchule dzina ndi nambala ya kosiyo, muwafunse ngati amailandira. Kenako pitani ku banki mukafunse malire a madola pa khadi yanu, chifukwa ndalama yopitirira 1,000 ikhoza kukanidwa pa kulipira kamodzi, ndipo kupempha ndalama zakunja kumatenga nthawi. Masukulu ambiri amatseka mafomu pakati pa Disembala ndi Febuluwale, ndiye kosi ya miyezi inayi iyambike pofika Julaye kuti giredi ifike nthawi ilipo.