Andakoti wa phulusa la mankhusu a mpunga amagwiradi, bola muvundule

Andakoti ameneyu, penti woyambirira uja timapaka pansi pa penti wapamwamba, ndinapaka pa khoma la panja lomwe penti wakale ankangomatuka mvula ikangowomba, ndipo kunena zoona wagwira kuposa mmene ndinkaganizira. Pa chitini analemba kuti ufa wina umene amathira mu penti kuti alemere, uja amakumba pansi ngati choko, anachepetsa n'kuikamo phulusa la mankhusu a mpunga. Poyamba ndinkakaika kuti zinyalala zakumunda zingagwire bwanji khoma koma nkhani yake ndi yomveka, mankhusu akawotchedwa bwino phulusa lake limakhala ndi silika wopitirira 80 peresenti, yemwe uja wa mumchenga, ndiye akauma khoma limakhala lokhakhala pang'ono ukaligwira ndi dzanja, moti penti wapamwamba amapeza pogwira osati kumangotsetsereka.

Nditapaka ndinayesa ndithu. Ndinacheka timizere topingasa ndi lezala, kumata selotepi, kukanikiza ndi chala kenaka kuzula mwamphamvu. Selotepi inachoka yoyera, tizidutswa tochepa chabe m'mphepete mwa mizere. Penti wakale uja ukanachita zimenezo akanachoka yense.

Koma abale chonde vundulani! Phulusali limakhazikika pansi, ukatsegula chitini pamwamba pamaoneka madzimadzi pomwe pansi pali nsenga zolimba zoti ndodo imachita kuima, ndiye ukangovundula mwachidule ukupaka madzi okhaokha, mphamvu yonse yatsala pansi. Ngakhale mkati mopaka muzibwereza. Ine ndinasefanso kaye chifukwa munali timibulu tina totsalira pa rola.

Mtundu wake si woyera mbee, ndi wotuwirako, amene mukufuna khoma loyera kwambiri konzekani kupaka kawiri pamwamba pake. Bulashi nayo imatha msanga, silika amadya.

China, musayembekezere kuti athetsa chinyontho. Mbali ina yapansi pomwe madzi amakwera kuchokera m'nthaka yayamba kale kutupa ndipo vuto pamenepo si penti ayi, ndi khomalo. Palani penti wakale yense, kwechani ndi sandipepa, chotsani fumbi, pulasitala watsopano mumusiye aume kaye masabata 4.

Chimene chandisangalatsa kwambiri n'choti mankhusu omwe amangounjikidwa kuchigayo n'kumafuka utsi apeza ntchito yeniyeni. Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha nsenga zija, opanga akonze pamenepo ndipo alembe zovundulazo ndi zilembo zikuluzikulu pa chivundikiro. Kuchipinda chamkati ndigulanso yemweyu.