Kukwera kapena kutsika ndi chingwe: masikauti ayambe ndi chiti?

Mwana akamaphunzira kukwera thanthwe amayambira pansi, mapazi ali pa dothi. Chingwe chimachoka pa lamba wa m'chiuno mwake, kudutsa pa zitsulo zomangidwa pamwamba, n'kubwerera kwa mphunzitsi amene waima pansi. Akaterereka satsetsereka patali, amangolendewera pomwepo. Mantha amabwera pang'onopang'ono, ndipo akatopa pa mamita atatu amangofuula kuti amutsitse. Pamenepa amaphunziranso kumanga mfundo yooneka ngati 8, ndi kudalira miyendo koposa manja.

Kutsika ndi chingwe n'kosiyana. Chovuta kwambiri chili poyambirira penipeni. Mwana amaima m'mphepete mwa thanthwe, msana ataulozetsa kuphompho, n'kuuzidwa kuti atsamire chagada pomwe palibe chomutsamira. Mawondo amanjenjemera, ena misozi imalengeza. Liwiro lake lili m'dzanja lake lomwe, ndipo akachita mantha n'kusiya chingwe, palibe chomuimitsa. N'chifukwa chake wophunzira aliyense amangiriridwe chingwe chachiwiri chogwiridwa ndi wamkulu. Tsitsi lalitali ndi mpango wa m'khosi wa usikauti zisalendewere, chifukwa zimakodwa m'kachitsulo kotsikira, momwe chingwe chimadutsa. Anthu amaiwala zimenezi.

Ine ndimati ana ayambe ndi kukwera, pa mwala waufupi, atavala zipewa zolimba. Kutsika kubwere mwana atachikhulupirira kale chingwe. Khoma la kumadzulo la Chambe, nsonga ina ya phiri la Mulanje, lotalika pafupifupi mamita 1,700, alisiyire akatswiri, iwo azingoliona ali pansi.