Tikiti yotchipa ya Joni kupita ku London inandigoneka pansi

Kuchokera ku Johannesburg kukafika ku London ndi makilomita pafupifupi 9,000. Ndege yosaima panjira imatenga maola 11: mumanyamuka madzulo, kukamacha mwafika. Ine mtunda womwewo ndinauyenda maola 34, ndipo ndinatera maso ali psuu, m'thumba muli gwa.

Chinandipweteka ndi dyera la zotchipa. Ejenti wina, mnyamata wa pakamwa potsekemera, anandipezera tikiti yotsika ndi R3,000 poyerekeza ndi ya ndege yolunjika. Anati ndingosinthira mumzinda wina wa kwa Aluya, basi. Chimene sananene n'chakuti anali matikiti awiri a makampani osiyana, ndipo onse opanda katundu. Chikwama changa cha makilo 23, momwe munali ufa, usipa ndi zitenje zochokera kwa amayi, ndinachilipirira pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni, n'kudzachilipiriranso posinthira. R3,000 ija inathera pasikelo.

Ndiye ndege yoyamba inachedwa, yachiwiri n'kundisiya. Mayi wa pakauntala anayang'ana pepala langa n'kundibwezera mwaulemu: kuchedwa kwa kampani ina si mlandu wawo. Tikiti ina ndinagula pomwepo ndi ndalama yobwereka kwa achimwene, ya lendi ya mwezi woyamba. Usiku umenewo ndinagona pansi, mutu pachikwama chonunkha usipa. Ejenti uja foni osayankha, ngakhale pa WhatsApp mauthenga anga ankawawerenga.

Chondichititsa manyazi n'chakuti mayi wina wa kaofesi kakang'ono kogulitsa matikiti, yemwe ndinayamba kumufunsa, anandichenjeza. Anati, "Achimwene, onetsetsani kuti ulendo wonse uli pa nambala imodzi, ndipo makilo a katundu alembedwa patikitipo." Sanandilipiritse kanthu. Ndinamusiya poganiza kuti akufuna kundidyera.

Inu amene mukulota za ku Mangalande, lekani kuwerengera tikiti yopitira yokha. Werengeraninso yobwerera tsiku la zovuta. Kuchokera ku London kulibe ndege yolunjika ku Lilongwe kapena ku Chileka. Muyenera kusinthira kwina, ndipo tikiti yogula lero kuti mukwere mawa mtengo wake ndi wosayamba. Tili ku Joni, uthenga wa maliro ukabwera tinkasonkherana, munthu n'kukwera basi ya pa Beitbridge, n'kukapeza nsiwa isanathe. Kuno ayi. Malume anga atatisiya chaka chatha, mwambo wonse ndinaonera pafoni, ndili m'kachipinda kosinthira zovala kuntchito, netiweki ikudukaduka.

Ndipo funsani bwalo lomwe mukatere. London ili ndi mabwalo angapo. Amene anabwera kudzandichingamira anadikira ku Heathrow, ine ndili ku Stansted, mbali ina ya mzinda, foni yatha moto, chikwama chaduka tayala limodzi.