Miyezi itatu ndi Quizlet pokonzekera IELTS

Ndine namwino, ndipo chaka chino ndakhala ndikukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS. Bungwe loyang'anira anamwino ku UK, la NMC, limafuna kuti namwino wochokera kunja apeze giredi 7 pa kuwerenga, kumvetsera ndi kulankhula, ndi 6.5 pa kulemba. Ine chimene chinkandisowetsa tulo ndi gawo la kuwerenga: ndime zitatu zitalizitali, mafunso 40, mphindi 60 basi. Vuto lake n'lakuti funso silibwereza mawu amene ali m'ndimemo. Ndime ikati "decline", funso limabwera ndi "fall". Ndime ikati "elderly", funso likuti "older people". Ukapanda kudziwa kuti mawuwa ndi pachibale, umangoyendetsa chala papepala mpaka nthawi kutha.

Mnzanga wa ku wodi ya ana ndiye anandiikira pafoni Quizlet, pulogalamu yothandiza kuloweza mawu. Anaiyambitsa ndi Andrew Sutherland mu 2005, ali mnyamata wa zaka 15 ku California, pofuna kuloweza mawu a Chifalansa, ndipo ukaitsegula umaonadi kuti anaipanga ndi munthu amene mayeso anamukhalira pakhosi. Ndi timakadi: mbali ino liwu, mbali inayo tanthauzo kapena liwu lofanana nalo. Ukadina kachizindikiro ka sipika imakutchulira liwulo. Apa m'pamene ndinadziwira kuti "b" wa mu "subtle" satchulidwa.

Koma chimene chinandikoka mtima ndi masewera otchedwa Match. Mawu amamwazikana pasikirini, iwe n'kumadina awiriawiri ofanana, wotchi ikuthamanga pamwamba. Ukalondola amazimiririka. Pa naiti, ndikamaliza kupereka mankhwala odwala n'kugona, ndinkakhala pa desiki n'kusewerako kanayi kapena kasanu. Sizitenga ngakhale mphindi imodzi, bandulo siitha msanga, ndipo tulo timabalalika. Zinandithandizadi. Lero ndikaona "purchase" m'ndime, "buy" amafika yekha m'mutu. Ndagwiritsa ntchito yaulere yokha. Ili ndi zotsatsa malonda, ndipo kuphunzira popanda intaneti n'kwa olipira, koma Match sindinamulipireko n'kamodzi komwe.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikanakonda wina atandiuza poyamba. China n'chakuti maso amachenjera kuposa mutu. Patatha milungu iwiri ndinkamaliza m'masekondi ochepa, ndikudziona ngati ndafikapo. Tsiku lina ndinaphimba foni n'kudzifunsa kuti "mitigate" ndi chiyani, ndipo ndinangoti kakasi. Maso anali ataloweza kuti liwu loyamba ndi "m" lija limapita ndi lalifupi lija, tanthauzo osalowa.

Chinacho n'chachikulu. Mindandanda ya mawu yambiri imene umaipeza ukasaka amailemba ndi anthu wamba, ophunzira ngati ine ndemwe. Wina, sindimudziwa, analumikiza "famous" ndi "notorious", ine n'kuloweza choncho. Polemba nkhani yoyeserera ndinatchula dokotala wodziwika bwino kuti "a notorious surgeon". Msuweni wanga, amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale ndipo amandichongera Lamlungu lililonse, anazunguliza liwulo ndi bolopeni yofiira.

"Achemwali, apa mwanena kuti adokotalawa amatchuka ndi zoipa," anatero. "Inu kuntchito mungawauze achibale kuti bambo awo afa?"

Ndinati ayi, timati amwalira, kapena atisiya.

"Eya. Koma nkhuku simwalira. Ndiye kufa ndi kumwalira n'chimodzi kapena ayi?"

Zinandilowa tsiku limenelo, chifukwa ndi ntchito yanga yomwe. Pali mawu amene ndimanena kwa namwino mnzanga, ndi ena amene ndimanena kwa mayi wakhala pamkeka panja pa wodi usiku wonse. Chingerezi nachonso n'chimodzimodzi. "Slim" ndi kuyamikira, "skinny" n'kunyoza pang'ono, pamene "underweight" ndi zolemba mufayilo ya wodwala. "Childlike" ndi wamtima woyera ngati mwana, "childish" ndi wachibwana. Pamasewera olumikiza onsewa amaoneka ngati mapasa. Pa gawo la kuwerenga zimenezi zikhoza kukudutsitsa, koma pa kulemba wochonga amaona msanga kuti liwu lakhala pamalo posakhala pake.

Ndiye ndinasiya mindandanda ya eni ake n'kuyamba kupanga yanga. Ndikawerenga ndime yoyeserera, mawu amene andipunthwitsa ndimalemba m'kope, ndimawayang'ana mu dikishonale, kenako ndimawalowetsa mu Quizlet. Kuseri kwa kakadi sindiika liwu limodzi lokha ayi, ndimaika kachiganizo kakang'ono, makamaka ka kuwodi: "The drug alleviates pain." Masekondi anga pa Match anachuluka, chifukwa tsopano ndimayenera kuwerenga, ndipo ndi zimene ndinkafuna. Ntchito yaikulu imachitika polembapo. Masewera aja amangobwera kudzakhomerera.

Mwana wa mlongo wanga ali Fomu 4, ndipo ndamuikira nayenso. Ndamuuza kuti Loweruka lililonse azibwera ndi mawu khumi ochokera m'mapepala akale a MSCE, lililonse ndi chiganizo chake, tiwalowetse limodzi asanayambe kupikisana ndi wotchi.